Laputopu Yopepuka: Funsani za Memori Musanalipire

Caka ciri conse ana athu akaloŵa m'makoleji ndi m'mayunivesite amatumiza mau kumudzi kuti afuna laputopu. Ndalama yake ndi ya thukuta, ya cimanga, nshawa, thonje, mwinanso ya ng'ombe imene yacotsedwa m'khola. Ana ambiri amasankha yopyapyala ndi yopepuka, yosaŵaŵitsa phewa poyenda nayo. Pamenepo salakwa ai. Koma inu makolo, pali cinthu cimodzi coyenera kucidziŵa musanatulutse ndalama, ndico kukula kwa memori.

M'kompyuta muli malo aŵiri amene anthu amawasokoneza kaŵirikaŵiri. Oyamba ali ngati nkhokwe, mosungira makalata, zithunzi ndi mabuku. Ogulitsa amati SSD. Aciŵiri ndiwo memori, imene amaichula kuti RAM, ndipo ili ngati mphasa yoyanikapo mphale. Conse cimene mwana akugwirapo nchito panthawiyo cimayalidwa pa memori, ndipo makina akazimitsidwa pamatsala poyera. Mai amene ali ndi nkhokwe yaikulu koma mphasa yaing'ono amayanika pang'onopang'ono, nchito ya tsiku limodzi n'kutha masiku atatu. Cimodzimodzi kompyuta: memori ikadzaza, imayamba kututa zinthu kupita nazo kunkhokwe ndi kuzibwezanso, motero imacedwa, nthawi zina n'kuima ndithu.

Malo onse aŵiri amapimidwa ndi muyeso wochedwa GB, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Mukaona 256 GB kapena 512 GB pa bokosi, imeneyo ndi nkhokwe. Nambala ya memori imakhala yaing'ono: 4, 8, 16 kapena 32.

Malaputopu akale onenepa anali ndi kacitseko kunsi, kotero kuti mmisiri anali kutsegula ndi kuonjezamo memori. Koma pofuna kuti makina apyapyale, opanga ambiri masiku ano amaiwocherera memori ku thupi la makinawo. MacBook Air ya kampani ya Apple ndi yotero, ndiponso ena ambiri opepuka a makampani ena. Imene mwagula nayo ndiyo imene mwana adzakhala nayo kufikira atatsiriza maphunziro, kaya ndi zaka zitatu kaya zinai.

Nanga yokwanira ndi iti? Windows 11, imene kampani ya Microsoft inatulutsa mu 2021, imafuna memori yosacepera 4 GB, koma imeneyo ndi yongodzutsira makina cabe. Mwana akatsegula masamba angapo a intaneti, yadzaza kale. Ya 8 GB imakwanira wolemba, woŵerenga mabuku ndi womvera aphunzitsi pa intaneti, malinga asatsegule zambiri nthawi imodzi. Wophunzira uinjiniya, kujambula mapulani a nyumba, kukonza makanema kapena kulemba maprogramu a kompyuta afunika 16 GB. Opanga nawonso aloza komweko: mu October 2024 Apple inaleka kugulitsa MacBook Air ya 8 GB niyambira pa 16 GB. Ya 32 GB ndi ya akatswiri oŵerengeka, ndipo kuigulira mwana wa caka coyamba ndi kutaya ndalama.

Uphungu wathu ndi uwu. Ngati memori ndi yowocherera, yesetsani kufika pa 16 GB. Ndalama ikapereŵera, cepetsani nkhokwe, pakuti malo osungira angathe kugulidwa padera pambuyo pake ndi kulumikizidwa ndi cingwe. Njira ina ndiyo kulola laputopu yolemerako pang'ono ya 8 GB imene ili ndi malo oonjezeramo memori, kuti mudzaonjeze mukagulitsa mbeu za caka camaŵa. Ogula makina ogwirapo kale nchito akumbukirenso kuti Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 mu October 2025. Afunse ngati makinawo alandira Windows 11.

Kaya mugula ku Chipata kaya ku Lusaka, musacite manyazi m'sitolo. Funsani mafunso aŵiri: memori ndi ma GB angati, ndipo kodi ingathe kuonjezedwa? Wogulitsa ayatse makinawo, akuonetseni nambalayo ndi maso anu, ndipo ailembe pa lisiti. Akulu akale anati safunsa anadya phula.