Tisaope Kukajambulitsa Dzino la Mwana

Makolo ambiri savuta pa nkhani ya katemera kapena ya sikelo. Koma akangouzidwa kuti apite ndi mwana ku chipatala chachikulu kuti dokotala wa mano akamujambule dzino ndi makina a X-ray, ena amangobwerera kumudzi. Amati makinawo amawotcha m'thupi, ena amati amaumitsa magazi. Ine ndikuona kuti mantha otere akuzunzitsa ana pachabe.

Choona nchakuti makinawa amatulutsa cheza chosaoneka ndi maso, chimene anachitulukira Wilhelm Röntgen wa ku Germany m'chaka cha 1895. Cheza chimenechi chikachulukitsa chingathe kuyambitsa khansa, ndipo thupi la mwana, popeza likukulabe, limakhudzidwa msanga kuposa la munthu wamkulu. Tsono amene amaopa sitingawanene kuti ndi opusa ayi. Chimene sadziwa ndi muyeso wake. Tonsefe timalandira cheza chotere tsiku ndi tsiku kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi mumlengalenga. Chithunzi chimodzi chaching'ono cha dzino chimapatsa mwana cheza chongofanana ndi chimene amalandira kale pa tsiku limodzi ali pakhomo. Makina akazimitsidwa, palibe chotsalira m'thupi.

Nanga chithunzicho nchachiyani? Mwana amamera mano oyamba 20, ndipo pansi pake, mkati mwa nsagwada, mumakhala mukukula mano achikulire. Akagwa mumtengo wa mango dzino nkulowa m'nkhama, maso okha sangaone ngati lapweteka linzake lapansi. Sangaonenso kubooka kobisika pakati pa mano awiri, kapena mafinya amene asonkhana kumuzu. Mafinya otere akalekereredwa amatupitsa tsaya, ndipo kutupako kukatsikira kukhosi mwana angalephere kupuma.

Palinso dzino lalikulu lotafunira limene limamera kumapeto mwana ali ndi zaka ngati 6. Makolo ambiri amaliyesa la ubwana, namati lisiyeni lidzaguluka lokha. Limeneli likachoka silimeranso.

Sindikunena kuti mwana aliyense womva dzino ajambulidwe. Dokotala ayenera kuyamba wayang'ana m'kamwa, ndipo ajambule pokhapokha ngati chithunzi chimuuze chimene sangachione. Inu makolo musachite manyazi kufunsa kuti, "Adokotala, chithunzichi chithandiza chiyani?" Tengani kabuku ka kuchipatala ka mwanayo, ndipo ngati dzino lomwelo linajambulidwapo posachedwa, nenani. Mulimbikitseni kuti akhale phee, chifukwa akagwedezeka chithunzi chimawonongeka nkuyenera kubwereza. Mayi woyembekezera anene msanga, kuti ngati pafunika womugwira mwanayo, agwire wina.

Mwina mwana sadzavekedwa chovala cholemera cha mtovu chija chimene ena anachionapo kale. Musadabwe. M'chaka cha 2024 bungwe la madokotala a mano ku America linalangiza kuti chovalacho sichifunikanso pojambula mano, popeza makina amakono amalunjika padzino pokha, ndipo nthawi zina icho chimatchinga chithunzi mpaka mwana kujambulidwa kawiri.