Ndere ndi Mlonda wa Madzi Athu

Anzanga a m'koperativa, tonse timazidziwa ndere, tizomera tobiriwira tija tomera pa miyala ya m'mbali mwa mtsinje, pa makungwa a mitengo ndi pa chipupa cha chitsime. Ambiri timangozipala ndi khasu. Ine ndikuti: tiziyamba taziyang'ana.

Ndere zilibe mizu yeniyeni ngati chimanga. Zimamwa mvula ndi mame kudzera m'timasamba take. Timasambato ndi topyapyala, tilibe khungu lolimba. Choncho chimene chabwera ndi fumbi kapena madzi chimalowa mosavuta. Zitsulo zapoizoni monga mtovu ndi mekyuri zikalowa, zimakanirira momwemo.

Zitsulozi zikachuluka, ndere zimadwala. Kubiriwira kuja, kumene chomera chimapangira chakudya padzuwa, kumatha. Ndere zimasanduka zachikasu, kenako zofiirira, n'kuleka kukula. Inde, m'chilimwe ndere zimauma, koma mvula ikagwa zimatsitsimuka. Zikakhalabe zofiirira m'dzinja, pali chifukwa.

Mu 1968, akatswiri awiri a ku Sweden, Åke Rühling ndi Germund Tyler, anayeza mtovu wa mu ndere. Anapeza wambiri m'mbali mwa misewu, wochokera ku utsi wa magalimoto. Kuyambira 1990, maiko ambiri a ku Ulaya amatola ndere pa zaka 5 zilizonse kuti adziwe kumene mpweya waipa.

Nanga kuno kwathu? Ku Manica, ku Tete ndi ku Niassa anthu amakumba golide, ndipo ena amamugwira ndi mekyuri. Yotsala imathera mumtsinje. Mabatire akutha a galimoto ndi a sola ali ndi mtovu, koma timangowasiya kuseri kwa nyumba. Mvula ikabwera, poizoniyo amatsikira kudimba. Chimene chadwalitsa ndere chingalowenso mu ndiwo zamasamba, mu nsomba ndi m'thupi la mwana.

Koma tisanamizidwe. Ndere zina zimapirira poizoni, zimabiriwira ndithu. Maso okha sakwanira, madzi amafunika kuyezedwa.

Tichite chiyani tsono? Mabatire akutha tiwasonkhanitse pamalo amodzi pouma, kutali ndi chitsime. Mekyuri tiikanize kumtsinje kumene timatunga. Ndere zikafa m'dzinja pafupi ndi mgodi, tikanene pamsonkhano, tipemphe alangizi kuti madzi ayezedwe.

Madzi akatayika saoleka. Mlonda akakuwa, tiyeni tidzuke!