Malire amadulidwa ife tili kumunda

Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko lino linkanena kuti malire a madera a aphungu aziunikidwanso pasanadutse zaka zisanu, ndipo ovota m'dera lililonse azichuluka mofananako. Zaka zisanuzo zidatalika mpaka kufika 24. Kuyambira 1998 tinkangozungulira pa mipando 193 yomweyo, uku anthu akuunjikana ku Area 25 ndi ku Ndirande, voti ya munthu wa m'tauni n'kumapepuka chisankho chilichonse. Za Likoma timamvetsa, ndi chilumba, simungauze nkhalamba kuti ikwere sitima ya Ilala kukasaka phungu wake. Nanga kumtunda kuno chinkavuta n'chiyani?

Mu 2022 bungwe loyendetsa zisankho la MEC lidamaliza ntchitoyo: madera 229, mawodi a makhansala 509. Tidawomba m'manja, koma mwaulesi. Misonkhano idachitika ndithu, mafumu adaitanidwa, akuluakulu a zipani adapita, a mabungwe nawonso. Ife tidangomva pa wailesi. Ambirife tidadzidzimuka nthawi ya kampeni ya 2025, titaona pachitenje nkhope ya munthu yemwe sadapondepo m'mudzi mwathu, ena n'kutiuza kuti, "Simukudziwa? Mudasamukira dera lina inu." Kusamuka nyumba ili pomwepo!

Chinanso, malirewo amakavomerezedwa ku Nyumba ya Malamulo. Inde, lamulo silola aphungu kuwasintha okha, komabe kupempha chilolezo kwa munthu yemwe mpando wake ungathe kuchoka ndi malire omwewo kuli ngati kufunsa fisi mamangidwe a khola la mbuzi.

Zomwe tikufuna si zodula. Mapu azimatidwa pakhoma la sukulu, pamsika ndi pabwalo la amfumu asanavomerezedwe, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao. Pambali pake alembepo chiwerengero cha ovota a dera lino ndi cha dera loyandikana nalo, tifanizire tokha. Atiuzenso chifukwa chomwe mzere watsatira mtsinje m'malo mwa msewu, kapena wagawa anthu a gulupu mmodzi pawiri. Kenako atipatse mwezi wathunthu woti tiyankhulepo, ndipo atiyankhe.

Pakuti aphungu 36 owonjezerawo malipiro awo akuchokera m'misonkho yathu. Ndipo mlatho wa pamtsinje womwe tsopano wasanduka malire, phungu wa tsidya lino akuti ndalama za thumba la chitukuko la CDF zikachokere tsidya lija, wa tsidya lijanso akuloza kuno, ana asukulu akadawolokabe atasenza mabuku pamutu.