WOGWIRA WOLAKWA ASASUNGE THUMBA

Abale athu a ku Waverley ndi ku Rimuka, a ku mgodi wa Cam and Motor ndi a ku Chegutu, inu amene makolo anu anacokera ku Malawi kudzakumba golide ndi kuomba nsaru kwa David Whitehead, mukuudziwa bwino mseu waukuru wa ku Harare kunka ku Bulawayo. Mukukumbukanso m'mene unaliri caka ca 2017 cisanathe. Apolisi anali kuchinga mseu pafupi-pafupi, ndipo woyendetsa kombi aliyense anali kulipa cindapusa pomwepo. Ndarama zimenezo sizinacokere kumwamba ai. Zinacoka m'matumba mwathu, ife okwera.

Bvuto lace linali ili: apolisi analoledwa kusunga ndarama za cindapusa ndi kuzigwiritsa nchito iwo okha. Wogwira wolakwa ndi yemweyo, wolandira ndarama ndi yemweyo, wodya ndi yemweyo! Nanga milandu ikanaleka bwanji kucuruka pa mseu? Mu February 2015 woweruza Francis Bere, potsegula bwalo lalikuru ku Masvingo, ananena poyera kuti palibe lamulo lokakamiza munthu kulipa pa mseu pomwepo. Apolisi anapitirira ngati sanamve.

Komatu malamulo akuru a dziko la Zimbabwe a caka ca 2013 sabisa mau. Ndime 302 ikuti ndarama zolowa ku Boma zipite m'thumba limodzi, pokha-pokha Nyumba ya Malamulo italola mwina. Ndime 210 ikuti pakhale bungwe loima palokha lomva madandaulo a anthu pa apolisi ndi asilikari. Boma linazengereza kufikira Bwalo la Malamulo Akuru linalikakamiza mu 2020. Lamulo lace linaturuka mu 2022, ndipo akuru a bungwelo analumbira mu 2024. Zaka khumi ndi cimodzi kudikira ndime imodzi! Mwana wobadwa caka cimeneco anali atatsala pang'ono kutsiriza sukulu ya pulaimale.

Tibvomere kuti zochinga mseu zinacepa kwambiri ulamuliro utasintha mu November 2017, ndipo mkuru wa apolisi Augustine Chihuri anacoka pa mpando. Koma kucotsa munthu mmodzi si kukonza polisi. Sitida apolisi ife. Ambiri ndi ana athu omwe, ndipo malipiro ao ngocepa. Wapolisi wosowa petulo wa galimoto ndiye amauza wobedwa kuti, gulani mafuta tikagwire mbala yanu. Cifukwa cace tikuti Boma liwapatse za nchito yao kucokera m'thumba lalikuru lija, masana poyera, mwa cilolezo ca Nyumba ya Malamulo.

Tifuna kuti Mkuru Wowerenga Cuma ca Boma aziona mabuku a malisiti a polisi ya ku Kadoma ndi ya ku Chegutu caka ndi caka, ndi kuti zimene wapeza zizilengezedwa kuti anthu amve. Tifunanso kuti bungwe la madandaulo likhale ndi ndarama zace-zace, lisamapemphe galimoto kwa omwe likuwafufuza.

Ndipo inu abale, tidziwa kuti ambiri mumaopa, popeza ena mwa inu anachedwa alendo zaka zambiri ngakhale anabadwira konkuno. Mantha amenewo ndiwo amakulipitsani kawiri. Mukalipa cindapusa, pemphani lisiti, yang'anani nambala yace ndi tsiku, ndipo mukalisunge m'bokosi pamodzi ndi citupa canu.