Lamulo la mowa lafika pa pepala, kudooko silinafike

METANGULA. Mu 2013 boma la Mozambique linatulutsa lamulo la Decreto 54/2013, loletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. Koma nyuzipepala zazikulu monga Notícias ya ku Maputo ndi Diário de Moçambique ya ku Beira zimalemba nkhani zotere m'Chipwitikizi. Msodzi wa ku Cóbuè, amene amadalira wailesi ya Chinyanja, n'kosavuta kuti adziwe zoti Malawi inaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, osadziwa lamulo la kwawo lomwe.

Za ku Chitima m'chigawo cha Tete zinaonetsa kuopsa kwa nkhani yofika theka. Mu Januwale 2015 anthu 75 anafa atamwa mowa wa masese pamaliro. Nkhani zoyamba zinaloza ndulu ya ng'ona. Patapita miyezi, akatswiri a zaumoyo anapeza kuti chiphecho chinachokera ku tizilombo tomera mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira.

Mfundo yachiwiriyi ndiyo imene mayi wofulula mowa m'boma la Lago akuyenera kuimva: ufa wonyowa n'kuwola usalowe mu mbiya. Nkhani ya ndulu imangodzutsa kukayikirana ndi kunamizirana ufiti pamudzi.

Choncho udindo uli pa Rádio Moçambique ku Lichinga, mafumu ndi azaumoyo kuti afotokoze lamulo loletsa kugulitsa mowa kwa ana m'Chinyanja. Lamulo losamveka silingateteze mwana wogula kachasu padooko, ngakhale mayi womugulitsa.