Nkhope ya mwana isakhale malipiro a masewera a pa foni

Masewera a pa intaneti ayamba kupempha chinthu chomwe kale sankachifuna. Poyamba ankangofuna dzina lopeka ndi bando ya data. Lero ena akupempha mwana kuti atsegule kamera ya kutsogolo kwa foni, kuti kachidole komuimira m'masewerawo, komwe amati avatar, kazimwetulira iye akamwetulira, kaziphethira iye akaphethira. Kampani ya Roblox ya ku America, yomwe mu 2025 inkakhala ndi osewera oposa 100 miliyoni tsiku lililonse, ochuluka mwa iwo ana ndi achinyamata, idayamba zimenezi mu 2023. Apple idatsogola mu 2017 ndi tizidole ta Animoji pa iPhone X. Wina anganene kuti izi ndi za ana a ku Area 47 ndi ku Namiwawa. Koma foni zomwe achibale amatumiza kuchokera ku Joni, ndi zomwe anthu amagula akagulitsa soya kapena fodya, zimafika kwa Kasakula ku Ntchisi zili ndi kamera yomweyo, ndipo data ya TNM kapena Airtel sifunsa kuti wosewerayo ali ku Ntchisi kapena ku Lilongwe. Maganizo anga ndi akuti kamera imeneyi iyenera kukhala yotseka m'manja mwa mwana wa kumudzi mpaka patapezeka munthu wamkulu womvetsa zomwe akuvomera, komanso boma lotha kufunsa kampaniyo mafunso n'kuyankhidwa.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Kamera ikayang'ana nkhope, pulogalamu ya m'foni imafufuza malo odziwika: ngodya za milomo, zikope, nsidze, chibwano, kupendekeka kwa mutu. Imayeza kuti pakamwa patseguka motani, diso lamanzere latsinzina kufika pati, kenaka imasandutsa zonsezo manambala. Njira ya Apple ili ndi miyezo 52 yotereyi. Manambalawo ndi amene amakoka nkhope ya kachidole, kangapo pa sekondi iliyonse, mwakuti mnzake wa mwanayo ali ku Manila kapena ku São Paulo amaona kachidoleko kakuseka nthawi yomweyo imene mwanayo akuseka atakhala pakhonde. A Roblox amanena kuti kanema wa nkhopeyo sachoka m'foni ndipo sasungidwa, chomwe chimatumizidwa ndi manambala oyendetsa chidole okha. Apa ndi pomwe oteteza njirayi amaimapo kwambiri, ndipo sindikuwatsutsa kuti akunama. Funso ndi lakuti ndani m'dziko muno angatsimikize. Bambo wa ku Kasakula amene foni yake imakachajidwa kwa wometa wa sola sangatsegule pulogalamuyo n'kuona zomwe ikutumiza. Akungodalira mawu a kampani, olembedwa m'Chingerezi cha maloya, omwe eni ake angawasinthe chaka chamawa pongotumiza uthenga woti "vomerezani" kwa mwana amene akufulumira kukasewera.

Ngakhale titavomera kuti kanema sachoka m'foni, chomwe chimachokamo si chabe. Kachidole kale kanali chotchinga. Mtsikana wa zaka 13 ankatha kusewera ali loboti kapena chinjoka, wosewera naye osadziwa ngati wakwiya, wachita manyazi kapena wasangalala ndi mawu omwe wauzidwa. Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi safunika kuphunzitsidwa mphamvu ya nkhope yobisika. Za kudambwe sitizilemba m'nyuzipepala, koma aliyense amene adaonerapo Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, akudziwa kuti chilombo chikalowa pabwalo anthu amaona chilombocho basi, ndipo ufulu wake wodzudzula ndi wophunzitsa uli pomwepo. Kachidole kotsatira nkhope kamataya ufulu umenewo. Kamapereka kwa mlendo chinthu chomwe munthu wofuna kunyengerera mwana amachifunitsitsa, ndicho kudziwa msanga kuti mawu ati amusekesa, ati amuchititsa manyazi, ndi pati pomwe wayamba kufewa. Kuopsa kwa akuluakulu otere pa masewerawa si nkhambakamwa. Dziko la Turkey lidatseka Roblox mu August 2024 ponena za chitetezo cha ana, ndipo chigawo cha Louisiana ku America chidasumira kampaniyi mu August 2025 pa nkhani yofananayo. A kampani adzati njira ya kamera ndi ya azaka 13 kupita m'tsogolo. Koma m'nyumba momwe foni ndi imodzi, simu idalembetsedwa m'dzina la bambo, ndipo imadutsa m'manja mwa ana anayi madzulo amodzi, malire a zaka ndi tsiku lobadwa lomwe mwana walemba yekha.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi. Mwana amene wazolowera kuti kusewera bwino kumafuna kuonetsa nkhope sadzadabwa tsiku lomwe adzapemphedwe nkhopeyo pa chifukwa china. Ndipo tsikulo lafika kale. Kumapeto kwa 2025, Roblox idalengeza kuti wofuna kucheza ndi anzake m'masewera ayenera kuyamba wayezedwa msinkhu, podzijambula nkhope kuti kompyuta iyerekeze zaka zake kapena poonetsa chiphaso, kudzera ku kampani ina yotchedwa Persona. Apa chithunzicho chimachokadi m'foni, ngakhale akuti amachifufuta akatha kuyeza. Cholinga chake n'chabwino, kusiyanitsa ana ndi akuluakulu, ndipo amene amati njirayi ikuteteza ana ali ndi mfundo. Koma zomwe zasonkhanitsidwa malo amodzi zimaitana akuba. Mu October 2025, Discord, pomwe osewera ambiri amachezera, idavomera kuti zithunzi za ziphaso za anthu pafupifupi 70,000 zikhoza kukhala zitaonedwa ndi akuba omwe adathyola kompyuta za kampani yomwe inkaigwirira ntchito. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money ikabedwa, munthu amapita kwa ejenti n'kukaisintha. Nkhope ilibe kokasinthira.

Ndipo nkhope ku Malawi kuno yasanduka kiyi. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalembetsa anthu oposa 9 miliyoni, kuwajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala zawo. Kuchokera apo chiphaso cha unzika chakhala khomo la pafupifupi chilichonse: kulembetsa simu, kutsegula akaunti ku banki, kugula feteleza wotsika mtengo, kulembetsa m'kaundula wa mavoti. Mwana wa ku Kasakula amene lero akusekesa kachidole ndi amene akadzakwanitsa zaka 16 adzaimirire kutsogolo kwa kamera ya NRB. Dziko lomwe lamanga zinthu zambiri chotere pa nkhope za nzika zake silingatenge mopepuka kuti ana azolowere kuzipereka kwa aliyense wolonjeza chisangalalo.

Kumene makampaniwa amachokera, anthu sadadikire kukoma mtima kwawo. Chigawo cha Illinois ku America chili ndi lamulo la 2008 loletsa kutenga miyezo ya nkhope kapena zala popanda chilolezo cholembedwa. Pansi pa lamulolo Facebook idavomera kulipira madola 650 miliyoni, TikTok madola 92 miliyoni, ndipo Snap, mwini wa Snapchat, idavomera madola 35 miliyoni mu 2022 pa mlandu wokhudza zokongoletsa nkhope zomwe achinyamata amasewera nazo. Makampaniwa sadavomere kuti adalakwa, koma ndalama adalipira, ndipo mu November 2021 Facebook idatseka njira yake yozindikira nkhope n'kulonjeza kufufuta miyezo ya nkhope za anthu oposa 1 biliyoni. Kuno ku Africa, Kenya idaimitsa ntchito ya Worldcoin mu August 2023 itaona anthu ali pamizere kukayezetsa maso awo posinthana ndi ndalama za pa intaneti. Ife tili ndi ndime 21 ya Malamulo Aakulu a dziko yoteteza zinsinsi za munthu, ndipo kuchokera mu 2024 tili ndi lamulo la Data Protection Act lomwe lidapereka udindo woyang'anira ku MACRA. Lamulolo ndi loyamikirika. Koma mayi wa ku Illinois ali ndi loya ndi khoti lomwe kampaniyo imaliopa, pamene mayi wa ku Kasakula ali ndi ulendo wautali wokwera mtengo wopita ku Ntchisi boma, kukadandaula za kampani yomwe ilibe ngakhale ofesi m'dziko muno. Kamera ndi yofanana, chitetezo ndicho chikusiyana.

Pali ena omwe adzati ndikulimbana ndi mthunzi, popeza kumudzi netiweki imavuta, data ndi yodula, ndipo foni zambiri ndi zotsika mphamvu zosatha kuyendetsa zinthu zotere. N'zoona lero. Koma Mpamba ndi Airtel Money nazonso zidayamba ngati za m'tauni, ndipo zitafika kumidzi akathyali a mauthenga onama adafika nazo limodzi, anthu asanaphunzitsidwe kudziteteza. Kuchedwa kwa luso limeneli kufika ku Ntchisi ndi mwayi woti tikonzekere, mwayi womwe nthawi zambiri timautaya. Ena adzati kachidole kosonyeza nkhope kamathandiza anthu kumvana, kamachepetsa mikangano yobwera chifukwa cha mawu olembedwa opanda nkhope. Kwa munthu wamkulu wodzisankhira yekha, ndilibe nazo mawu. Mwana sataya kanthu akasewera kamera ili yotseka, masewerawo amayenda chimodzimodzi. Tiwonjezereponso kuti makina owerenga nkhope ali ndi mbiri yosaona bwino khungu lakuda. Kafukufuku wa Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru wa 2018 adapeza kuti mapulogalamu ena ankalakwitsa pa amayi akhungu lakuda mpaka 34.7 peresenti, pamene pa abambo akhungu loyera sankapitirira 0.8 peresenti. Mapulogalamu asintha kuchokera nthawi imeneyo, koma palibe amene watisonyeza kuti makina oyerekeza zaka adayesedwa pa nkhope ya mwana wa ku Ntchisi wojambulidwa ndi kamera yotchipa pa kuwala kwa tochi. Akamuyesa wamkulu, amuika m'gulu la akuluakulu omwe amafuna kumuteteza kwa iwowo.

A MACRA ali ndi poyambira posavuta. Afotokoze m'Chichewa, pa wailesi za m'madera zomwe anthu amamvera, tanthauzo la uthenga wopempha chilolezo cha kamera, ndiponso komwe kholo lingakadandaule. Akambirane ndi anzawo a m'maiko a SADC, chifukwa kalata ya Malawi yekha kampani ya ku California ingaiike pansi, koma ya maiko khumi ndi asanu ndi limodzi iyankhidwa. Aphunzitsi, makomiti a sukulu ndi magulu a amayi oyang'anira atsikana aziika nkhaniyi pa misonkhano ya makolo, pambali pa nkhani ya yunifomu ndi phala. Ndipo inu makolo a kwa Kasakula, musadikire zonsezi. Tengani foniyo lero, lowani pa Settings, pezani pomwe alemba zilolezo za mapulogalamu, ndipo muchotse chilolezo cha kamera pa masewera onse omwe ana anu amatsegula. Ngati kuwerengako kukuvutani, pemphani mphunzitsi kapena wachinyamata amene mumamukhulupirira akuthandizeni inu mukuona.