ZA INJINI ZATHU: Boti likamazima pa aidilingi

Asodzi a ku nyanja za Amaramba ndi Chiuta, ngakhalenso anyamata a ku Itepela ndi Massangulo amene amapita kukagwira ntchito m'maboti ku Meponda, amalidziwa bwino vuto ili. Injini imathamanga bwino pakati pa nyanja, koma woyendetsa akangochepetsa moto kuti aponye ukonde kapena akocheze pa doko, yazima. Ngati mwera uli pamadzi, boti limatembenukira mafunde cham'mbali ndipo miyoyo ya anthu imakhala pa ngozi.

Kawirikawiri mlandu umakhala wa kabuleta. Injini zothira oyilo m'petulo, monga Yamaha Enduro ya mahatchi 15, zili ndi tisikuluu tiwiri pamenepo. Kena kamakweza kapena kutsitsa kalilidwe ka injini basi. Kenako ndi komwe kamayeza petulo wosakanikirana ndi mpweya pamene injini ikulira pansipansi. Ambiri amasokoneza tiwiriti, n'kumapotokola kolakwika tsiku lonse.

Asanakhudze kalikonse, munthu ayambe waona petulo wake. Petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu, wonga wogulitsidwa m'mbali mwa msewu wa Mandimba ndi Chiponde, nthawi zina amakhala ndi madzi kapena fumbi lomwe limatseka kajeti kakang'ono. Kajetiko kakatsekeka, sikuluu siithandiza kanthu. Katsukidwe ndi petulo woyera ndi kupemereredwa mpweya, osati kutokosa ndi waya ai. Oyilonso akhale wa muyeso: pa injini zofuna 50:1, malita 25 a petulo amalandira theka la lita.

Ntchito yeniyeni ichitikire m'madzi, boti litamangidwa zolimba, chifukwa kuliza injini pamtunda kumaotcha kampira kopopa madzi oziziritsa. Injini isanalizidwe, kasikuluu ka petulo kalowetsedwe pang'onopang'ono mpaka kangokhudza, wochitayo akuwerenga kuti kazungulira kangati kuti adzathe kubwerera pomwe kanali. Kumanga mwamphamvu kumaononga nsonga yake, ndipo ina yoteroyo angakaifune mpaka ku Lichinga kapena ku Mangochi. Akatero akabweze monga buku la injiniyo likunenera. Pa zambiri n'kamodzi ndi theka kapena pafupi pamenepo.

Tsono injini ilire mphindi zingapo kuti itenthe, kenaka ilowetsedwe giya. Apa mpofunika khutu ndi kudekha. Sikuluu ipotokoledwe pang'ono chabe, gawo limodzi la magawo 8, n'kudikira masekondi 15 kuti injini iyankhe. Kulowetsa kumachepetsa petulo, ndipo akachepa kwambiri injini imayetsemula n'kufuna kuzima. Kutulutsa kumaonjeza petulo, ndipo akachuluka imalira mogwedezeka, utsi tolotolo, pulagi n'kuda bii. Malo abwino ali pakati pa ziwirizi, koma mmisiri wodziwa amasiya sikuluu itapendekera pang'ono ku mbali ya petulo wambiri.

Chifukwa chake nachi. M'injini zoterezi oyilo amalowa limodzi ndi petulo. Amene amamana injini petulo pofuna kusunga ndalama amaimananso oyilo, ndipo imatentha kopitirira. Malita ochepa opulumutsidwawo sangagule pisitoni yatsopano.

Pomaliza ndi pamene kasikuluu kena kaja kakhudzidwe, kuti injini isazime polowetsa giya komanso giyayo isamenye mwaphokoso. Woyendetsa ayese kuonjeza moto mwadzidzidzi. Injini ikatsamwa m'malo monyamuka, kasikuluu ka petulo katulutsidwenso pang'ono.